Kuthira phula kachiwiri popanga makandulo: kumafunika liti, ndipo kumachitika bwanji?

Mwasungunula phula, mwathira m'botolo mpaka pakhosi, pamwamba pali see ngati madzi a m'beseni. Kukacha mukupeza pakati palowa, chingwe chaima m'kadzenje, mwinanso pali kamng'alu kozungulira chingwecho. Ambiri amene angoyamba kumene kupanga makandulo amaganiza kuti anaphonya penapake, kapena kuti anawagulitsa phula lachabechabe. Nthawi zambiri palibe chimene chalakwika. Ndi mmene phula lilili: likasungunuka limafufuma, likamauma limaphwa.

Kandulo ya phula la palafini youmbira m'chikombole imafuna kuthiridwa kachiwiri pafupifupi nthawi zonse. Ya m'botolo lalitali imafunanso kawirikawiri, kaya phula lake ndi lanji. Ya m'kachitini kosaya, kapena yoviika chingwe m'phula mobwerezabwereza, siifuna. Koma musaweruze ndi maso okha, chifukwa dzenje looneka pamwamba si limene limawononga kandulo. Limene limawononga ndi lobisika pansi pake.

Chimene chimachitika m'kati

Phula la palafini likakhala louma, mililita imodzi imalemera pafupifupi magalamu 0.9. Likasungunuka imalemera pafupifupi magalamu 0.8. Choncho botolo lolowa madzi mamililita 250 limalowa phula losungunuka lokwana magalamu 200, ndipo phula lomwelo likauma limangodzaza malo okwana mamililita 222 kapena kuyandikira apo. Pasowa pafupifupi masupuni akuluakulu awiri. Malo amenewo sangathawe, ayenera kupezeka penapake m'kandulomo.

Kumene apezeke kumadalira mmene phula lazizilira. Limayamba kuuma m'mbali ndi pansi, pamene lakhudzana ndi galasi kapena chitsulo, kenaka pamwamba pamene pali mphepo. Zimafanana ndi phala la m'mbale: pamwamba pachita kakhungu koma m'kati mukadali moto. Pakati ndi pamene pamauma pomalizira, ndipo pamene pakuumapo phula limakokera kumbali zouma kale. Ngati kakhungu ka pamwamba kakadali kofewa, kamatsatira n'kulowa pansi, ndiye dzenje lija mumaliona. Ngati kalimba kale, sikalowa. M'malo mwake pansi pake pamatsala mphako, nthawi zambiri motsata chingwe. Pamwamba pamaoneka posalala bwino, mwini wake n'kumadzitama, pomwe m'kati muli phanga loti chala n'kulowa.

Kandulo yotere imayaka bwino ola loyamba kapena awiri. Moto ukafika pamphakopo, phula losungunuka lonse limagwera m'menemo. Chingwe chimatsala pambalambanda chitatalika, lawi n'kukula ndi kuyamba kufuka mwaye, ndipo m'botolo likhoza kutenthetsa galasi mpaka kusweka. Nthawi zina chingwe chimagwa cham'mbali n'kumira, kandulo n'kuzima, osayakanso. Ngati mumagulitsa, wogula amene kandulo yamuzimira pakati pa usiku magetsi atathima sadzabweranso.

Mtundu wa phula

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimodzi. Phula la palafini si palafini wa m'nyale kapena wa koloboyi. Ndi phula loyera louma, logulitsidwa m'zibuma kapena m'timibulu. Musayese kuthira palafini wa m'nyale m'phula la kandulo; mudzawotcha nyumba.

Phula la palafini lopangira makandulo oima okha limasungunuka pakati pa madigiri 58 ndi 62 °C ndipo ndi limene limaphwa kwambiri. Mukasakaniza stearin (ufa woyera wopangidwa kuchokera ku mafuta a nyama kapena a zomera), monga amachitira ambiri pomuika gawo limodzi pa magawo khumi kuti kandulo ilimbe ndi kuyera, limaphwa koposa. Kuphwako kuli ndi ubwino wake: ndi kumene kumachititsa kandulo kuleka chikombole n'kutuluka yokha. Choncho musalimbane nako. Ingokonzekerani kuthira kachiwiri.

Palinso phula la palafini lofewa lopangidwira m'mabotolo, limene ogulitsa amalemba kuti n'lothira kamodzi. M'botolo lalifupi ndi lalikulu pakamwa limachitadi zimenezo. M'botolo lalitali lopapatiza musakhulupirire zolembazo musanayese.

Phula la soya limaphwa pang'ono, ndipo vuto lake lalikulu limakhala kukakala kwa pamwamba ndi timabowo tating'ono pafupi ndi chingwe. Zimenezi nthawi zambiri zimatheka ndi kungosungunula pamwamba, osathira kachiwiri.

Phula la njuchi, limene ena amati sera, limasungunuka pakati pa madigiri 62 ndi 64 °C. Kwa amene ali pafupi ndi alimi a njuchi ndi limene limapezeka mosavuta, pakuti ambiri akafinya uchi zisa amangotaya. Limaphwa ndithu, ndipo m'botolo limakonda kung'aluka pakati likazizira mofulumira. M'chikombole chachikulu limafuna kuthiridwa kachiwiri ngati la palafini. Musalitenthetse kupitirira madigiri 85 °C, limada.

Phula la palm, lopangidwa kuchokera ku mafuta a zipatso za mtengo wa palm, ndilo lovuta pa onse. Limalimba pamwamba msanga n'kusiya mphako zikuluzikulu pansi, choncho kuboola ndi kuthira kachiwiri n'kosazembeka.

Ngati mukusungunula zidutswa za makandulo akale osiyanasiyana, dziwani kuti ambiri mwa iwo ndi a palafini wolimba, ndipo muwatenge choncho.

Kukula kwa chotengera nakonso kumalamula. Kandulo ikakhala yaitali kuposa kutambalala kwake, pakati pamachedwa kuuma ndipo mphako imakhala yakuya. Kachitini kakuya masentimita awiri kapena atatu kamazizira pafupifupi nthawi imodzi ponseponse, ndipo choipa chimene chingachitike ndi kulowa pang'ono basi.

Mmene mungadziwire za kandulo yanu

Pangani kandulo imodzi yoyesera ndi phula limene mwagula, m'chotengera chimene muzigwiritsa ntchito, muithire kamodzi ndi kuisiya usiku wonse. M'mawa, ngati ndi ya m'chikombole, itulutseni ndi kuidula pakati motsika ndi mpeni woviika m'madzi otentha ndi kupukuta. Mudzaona ndi maso pamene mphako yayambira ndi pamene yathera. Ngati ndi ya m'botolo, tengani sipoko ya njinga kapena kamtengo kosongola ka nsungwi, mubaye pafupi ndi chingwe, sentimita imodzi kuchoka pa icho. Phula lodzaza limakana njira yonse. Kukakhala mphako, sipoko imalimba pang'ono kenaka n'kugwera m'kati mwadzidzidzi. Phula la kandulo yoyeserayi silitayika, mudzalisungunulanso.

Muzibwereza kuyesaku mukasintha phula, chotengera, kapena nyengo ikasintha. Botolo limene linkauma bwino m'Okutobala likhoza kuyamba kuchita mphako mu Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira monga ku Dedza kapena ku Mzuzu.

Kukonzekera kusanayambe kuthira koyamba

Kuthira kwachiwiri kumayambira pa sikelo. Dzazani chotengera chanu ndi madzi mpaka pamene mukufuna phula lidzafike, muyese kulemera kwa madziwo, muchulukitse ndi 0.8. Pa nambala imene mwapezayo wonjezeranipo magawo 15 pa 100 alionse. Botolo lija la mamililita 250 lifuna magalamu 200 ndi ena 30 apadera. Mabotolo khumi afuna makilogalamu 2.3. Pukutani chotengeracho chiume gwa, chifukwa dontho la madzi m'phula limasiya kabowo ndipo limathetheka kandulo ikamayaka.

Phula lonselo lisungunulidwe pamodzi, utoto ndi mafuta onunkhira zilowe pamodzi. Ili ndi phunziro limene ambiri amaliphunzira atawononga kale katundu: mukadzasungunula phula lina padera n'kuyesa kufananiza mtundu ndi maso, sizidzafanana. Phula lamadzimadzi limaoneka lakuda kuposa mmene lidzaonekere likauma, ndiye diso limanama.

Posungunula musaike chitini cha phula pamoto mwachindunji. Ikani madzi m'sefuliya, chitini cha phula chikhale m'madzimo, ndipo sefuliyayo ndiyo ikhale pambaula kapena pa mbale ya magetsi. Madzi sapitirira madigiri 100 °C, choncho phula silingafike poyaka. Likagwira moto, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, musathire madzi. Choyezera kutentha cha kukhitchini chofika madigiri 100 °C n'chofunika kuposa chipangizo china chilichonse pa ntchitoyi. Kuyerekeza ndi maso ndiko kumabweretsa ena mwa mavuto ofotokozedwa m'munsimu.

Kuthira koyamba ndi kuboola

Phula la palafini la m'chikombole lithireni lili pakati pa madigiri 80 ndi 85 °C, la njuchi cha m'ma 70 mpaka 75 °C, la soya cha m'ma 55 mpaka 60 °C. Ngati wogulitsa walemba kutentha kwake, tsatirani zimenezo. Lembani nambalayo papepala, muifuna posachedwa. Thirani pang'onopang'ono cham'mbali, mugogode chotengeracho ndi supuni kuti thovu likwere. M'botolo siyani mamilimita atatu kapena asanu pansi pa pamene mukufuna kandulo idzathere. M'chikombole siyani sentimita imodzi kuchoka pamlomo. Phula lotsala lisiyeni m'chitini momwemo, mwavundikira.

Chingwe chikhale chomangirira pa kamtengo kopingasa pamwamba, kapena chopanidwa ndi pegi yoyanikira zovala, ndipo musachimasule mpaka ntchito yonse itatha. Phula likamaphwa limakoka chingwe, ndipo chomasuka chimapindika m'kati mosaoneka.

Tsopano dikirani kuti pamwamba pachite khungu lokhuthala pafupifupi theka la sentimita. Pa kandulo ya masentimita 7.5 m'mimba mwake zimatenga ola limodzi kapena kupitirirapo, koma musadalire wotchi. Dinikizani ndi chala: pakhale pofewa ngati nsima yozizira pang'ono, posamata chala. Tengani sipoko ija mubaye mabowo atatu kapena anayi mozungulira chingwe, sentimita imodzi kuchoka pa chingwecho, kutsika mpaka patsale masentimita awiri kuti mufike pansi. Musakhudze m'mbali mwa chikombole, chifukwa mudzasiya chipsera chooneka kunja. Gwedezani sipoko pang'ono kuti bowo likule ngati kunenepa kwa pensulo.

Mabowowa amachita zinthu ziwiri. Amalowetsa mpweya kuti phula likamaphwa lisakoke chingwe kapena kufinya mbali za kandulo, ndiponso amatsegula njira yoti phula lachiwiri likafike m'mphako. Popanda iwo, kuthira kachiwiri kumangokhala kuphimba dzenje ndi udzu. Amatsekeka okha pamene phula la m'kati likukwera, choncho pakatha theka la ola muwabayenso, ndipo pa kandulo yaikulu mubwereze kawiri kapena katatu.

Nthawi yothira kachiwiri

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo amaphonya pofulumira. Mukathira pakati pakadali madzimadzi, phula latsopano limangosakanikirana ndi lakale, zonse n'kuphwera limodzi, dzenje n'kubwerera pomwepo. Dikirani mpaka sipoko ikamatuluka m'bowo yopanda phula lamadzi.

Kandulo ya m'botolo ithireni botolo likadali lofunda pang'ono m'manja, ngati kapu ya tiyi yoiwalika patebulo. Kwa botolo la mamililita 250 zimakhala pakatha maola awiri mpaka anayi. Mukachedwa mpaka phula litaleka galasi, latsopanolo limatsikira mumpata wa m'mbali n'kujambula mizere yooneka kunja.

Ya m'chikombole ikhoza kudikira mpaka itazizira pafupifupi kwathunthu, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kwa yapakatikati.

Sungunulaninso phula lija munasunga, lifike madigiri 5 mpaka 8 pamwamba pa kutentha kwa poyamba. Ngati munathira pa 82 °C, tsopano thirani pa 88 kapena 90 °C. Kutentha koonjezeraku ndi kumene kumasungunula pang'ono phula lakale kuti awiriwo agwirane. Musalisiye pamoto nthawi yaitali likafika, mafuta onunkhira amauluka ndipo utoto wina umasuluka.

Yambani kuthira m'mabowo, kamtsinje kakang'ono ngati ulusi, kuti mpweya upeze potulukira. Mudzaona timathovu tikutuluka ndipo phula likutsika lokha. Dikirani pang'ono n'kuwonjezera. Kenaka dzazani dzenje lonse.

Pa chikombole pali lamulo limodzi losaphwanyika: musapitirire mzere umene phula loyamba linafika. Kandulo yaleka kale chikombole, pali kampata kopyapyala kozungulira, ndipo phula lopitirira limatsikira mmenemo. Zikatero kandulo imakanirira m'chikombole, ndipo mukaitulutsa mokakamiza imatuluka ndi zikhungwa m'mbali. M'botolo ndi zosiyana: pitirirani mzerewo ndi mamilimita awiri kapena atatu kuti pamwamba ponse pakutidwe kuchokera kugalasi mpaka kugalasi, apo ayi pamaoneka bwalo pamene phula latsopano lathera.

Kandulo yaikulu, ya masentimita 15 kapena kuposa kutalika kwake, nthawi zina imalowanso pang'ono n'kufuna kachitatu. Chitani chimodzimodzi, ndi phula lochepa.

Kumbukirani kuti zikombole zambiri zimaumba kandulo chadodolido: pamlomo pa chikombole ndiye pansi pa kandulo. Choncho kuoneka kwa pamenepo kusakudetseni nkhawa, bola mphako yadzaza. Mukaitulutsa, tenthetsani chiwaya chakale pang'ono, muimike kanduloyo pamenepo n'kuizunguliza masekondi ochepa, pansi padzasalala n'kuima mowongoka. Makandulo oyera opyapyala a m'magolosale amaumbidwanso chomwecho, koma opanga amadzaza phula mpaka kusefukira m'thireyi ya pamwamba pa zikombole, kotero kuti kandulo iliyonse ikamaphwa imakoka phula kuchokera m'thireyimo, kenaka lotsalalo amalipala. Mukamaumba makandulo opyapyala kunyumba mukhoza kutengera nzeru imeneyi pomangowonjezera phula pamlomo mphindi zingapo zilizonse mpaka litasiya kutsika.

Pamene kusungunula pamwamba kukukwanira

Ngati mwabaya n'kupeza kuti mphako mulibe, ndipo vuto ndi kukakala kapena kulowa kosapitirira mamilimita atatu, simufunika phula lina. Yendetsani heat gun (chipangizo cha magetsi chotulutsa mphepo yotentha kwambiri) pamwamba, masentimita 15 kuchoka paphula, mozungulira, mpaka pasungunuke mamilimita awiri kapena atatu, n'kusiya paume. Musaimitse malo amodzi, mudzapsereza chingwe. Chowumitsira tsitsi chimaponya mphepo yambiri n'kumwaza phula pagalasi. Chigwiritseni ntchito pokhapokha palibe china, pa mphepo yotsika. Njira imeneyi imakonza nkhope yokha. Mphako yakuya siifika, pokhapokha mutayamba mwaboola kuti phula losungunukalo ligwere m'kati, ndipo mukatero kandulo imatsika.

Zikalakwika

Phula lachiwiri likasendeka ngati chivundikiro, ndiye kuti linali lozizira, kapena kandulo inali itazizira kwambiri. Tenthetsani pamwamba pang'ono musanathire, ndipo kwezani kutentha ndi madigiri ena atatu.

Mzere woyera ukaoneka pakati pa phula lakale ndi latsopano, chifukwa chake n'chomwecho. Pa botolo loonekera mzere wochepa suthetseka kwathunthu, n'chifukwa chake opanga ambiri amasiya kuthira koyamba pamene padzakhale chizindikiro cha pepala kapena pakhosi pa botolo, pamene diso silifika.

Dzenje likabwerera lalikulu ngati poyamba, munafulumira. Likabwerera laling'ono, munathira phula lochuluka nthawi imodzi ndipo nalonso laphwa; kusungunula pamwamba kukwanira.

Mng'alu wozungulira chingwe umabwera chifukwa cha kuzizira msanga kapena chingwe chomangidwa mokoka kwambiri. Chingwe chiwongoke, koma chisachite kulira ngati waya.

Timabowo tambirimbiri ngati ta singano ndi mpweya wolowa potakasa mwamphamvu kapena pothira kuchokera pamwamba kwambiri.

Kuchepetsa kuphwa kuyambira pachiyambi

Kuphwa sikungathe, koma mukhoza kuchititsa kuti kuchitike pamwamba, poonekera, m'malo mobisala m'kati. Chinsinsi ndi kuziziritsa pang'onopang'ono. Fundutsani mabotolo musanathire, afike pofunda m'manja. Padzuwa la masana mphindi zochepa zimakwana. Musawaike pasimenti, imayamwa kutentha pansi mofulumira. Yalani thabwa kapena katoni. Atalikitseni masentimita khumi kuti mbali imodzi isatenthe kuposa inzake. Tsekani mazenera, ndipo m'nyengo yozizira vundikirani ndi katoni yaikulu yosakhudza mabotolowo. Musaike kandulo yofunda m'firiji kuti ifulumire. Firiji ntchito yake ndi imodzi yokha: kandulo youma kale ikakana kutuluka m'chikombole, mphindi 10 kapena 15 mmenemo zimaimasula, koma mukapitirira imang'aluka.

Kuthira phula lotentha mopitirira kumakulitsanso dzenje, chifukwa phula lotentha kwambiri limakhala litafufuma kwambiri. Ngati dzenje likukula kuposa mmene mumayembekezera, tsitsani kutentha kwa kuthira koyamba ndi madigiri atatu kapena asanu n'kuyesanso. Mukatsitsa mopitirira, m'mbali mumaoneka mizere yopingasa ngati masitepe, ndiye mubwerere pang'ono m'mwamba.

Pa phula la njuchi la m'botolo, ena amasakaniza mafuta a kokonati kuti lifewe ndi kuchepetsa ming'alu. Zikatero chingwe chimene chinkayaka bwino poyamba chikhoza kukhala chachikulu, choncho yesaninso.

Mukamaliza kuthira komaliza, siyani kandulo tsiku lathunthu musanaisunthe. Dulani chingwe chitsale mamilimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Ya palafini ndi ya njuchi idikire masiku awiri kapena atatu musanaiyatse, ya soya yonunkhira sabata imodzi kapena awiri. Pa gulu lililonse latsopano tengani imodzi muiyatse maola anayi pa nthawi, kuizimitsa kuti iume, n'kuiyatsanso mpaka ithe. Muziyang'ana makamaka ikafika pakati: phula losungunuka likatsika mwadzidzidzi ndipo lawi n'kukula, mphako inatsala, ndipo ulendo wotsatira mabowo anu atsike kuposa pamene anafika.